Usanene za Estele Lisanafike Lachisanu

Tiwonge mwana wanga,

Kwacha ndi mitambo lelo. Mvula yasiya madzi m'mizele ya fodya, ndipo denga la chigafa likudonthabe, tho, tho, m'beseni lomwe amama ako anaiwala panja. Achule a kudambo sanaleke kuimba ngakhale dzuwa lasuzumila. Ndamva belu la ng'ombe yathu Bulaki m'khola, ndamva tambala wa kwa aneba, kenako ndamva tcheni cha njinga yanga chikulila pomwe umatuluka nayo osapempha. Amama ako wawauza kuti ukukatsanzika anzako. Ine sunandiuze kanthu. Lelo ndi tsiku lachitatu usakundilankhula.

Tikumwa phala, amama ako anandiyang'ana n'kunena kuti, "Alamu, adada ake ali m'thengo ku Lukusuzi, kolondela nyama. Mwana akupita mawa ku boding'i. Tate wake pano ndinu. Mumupatse mawu."

Ndinatsamwa ndi phala. Ndinati, "Ine? Wa zaka seventini? Tiwonge ndimalimbilana naye mango."

"Nanga mng'ono wa atate si tate? Kapena mukufuna ndikaitane Bulaki amulangize?"

Ndiye ndine pano, tate wako wamng'ono, ndang'amba mapepala apakati m'kope la jogalafe. Ukundidziwa kuti pakamwa panga mawu amatuluka mopelewela. Ndikayamba kulankhula, iwe umati "Ehe, Adada Wezi ayamba ulaliki," ndipo ine ndimaiwala zonse. Papepala sungandidule.

Ndiyambe ndi mlandu wathu, ndipo ndiulemba monga unachitikila, chifukwa iwe ukamaukamba umadumpha pakati. Lachitatu, sewelo lathu la Pa Chigayo cha Jelasi litangotha pa wailesi, unatenga foni yomwe adada ako anakutumizila, n'kuthamangila pachulu pomwe pamagwila netiweki. Unalemba m'gulu lathu la pa foni la Ana a Chigayo ndi zilembo zazikulu kuti, "ESTELE WATHAWA PA UKWATI!" A Mtonga, mkulu uja ankagwila ntchito yosambitsa ng'ombe pa dibi ku Magodi, anayankha mofatsa kuti, "Mwana wane, fufuta. Ena sanamve. Tidikile Lachisanu." Iwe unati, "Agogo, kuno si ku dibi. Ngati makutu akalamba si mlandu wathu," n'kuika tinkhope titatu toseka. Phala likanakhala pamoto silikanapsa n'komwe, anyaPhiri a ku Kitwe, omwe amasunga gulu, anali atakutulutsa. Anatulutsanso ine, poti ndine ndinakulowetsa.

Lamulo ukulidziwa. Wakulowetsa ndiye amakusenza. Kuti tibwelele, wolakwayo apepese ndi mawu ake enieni, voisi, osati kulemba. Ndipo kusukulu komwe ukupita salola foni. Ukakwela basi mawa usanapepese, tonse awili tikhala panja mpaka Epulo.

Sindikubisila, ine ndikufuna kubwelela. Iwe uli ndi anzako a netibo, a kwaya, ndi ena oti ukawatsanzike tsiku lonse. Ine ndili ndi ng'ombe zisanu ndi gulu lija. Koma sindikulemba kuti undimvele chisoni. Ndikufuna udziwe anthu omwe wawatchula okalamba makutu, ndipo njila yokha yomwe ndingakuuzile ndi kukuonetsa zopusa zanga. Useke, koma uwelenge mpaka pansi.

Ine ndinalowa m'gulu lija ndi bodza. Ndinali ndi zaka ngati zakozi. Nthawi imeneyo kunalibe zoti wina akulowetse, aliyense ankangolowa. Ndinkabweleka foni ya agogo ako, ndipo anthu atandifunsa kuti ndine yani, ndinalemba kuti ndine mphunzitsi wa sekondale ku Lusaka, wa zaka twente-eyiti. Ndinkaopa kuti akadziwa kuti ndine kamnyamata ka ku Mphamba sadzandiyankha. Kwa miyezi iwili zinayenda. Tsiku lina ndinaganiza zotumiza voisi yofotokoza chifukwa chake Jelasi sakhulupilika. Ndinakwela pachulu, ndinakulitsa mawu ngati mbusa, ndinalankhula bwino kwambili. Sindinamvele ndisanatumize. Kumbuyo kwa mawu anga kunali tambala, kunali belu la Bulaki, ndipo chakumapeto kunali agogo ako akukuwa kuti, "Wezi iwe! Ng'ombe zili m'chimanga cha eni, iwe uli pachulu ngati nyani!" Gulu lonse linamva, kuyambila ku Chama mpaka ku Kitwe. Ndinafuna kuponya foni m'chimbudzi. AnyaPhiri, omwe anaphunzitsadi ana zaka zambili asanapume, anangolemba kuti, "Aphunzitsi, kathamangitseni ng'ombe kaye, kalasi idikila." Nditabwela anandifunsa giledi yanga, n'kuuza gulu lonse kuti iwonso atangofika ku migodi ali mtsikana ankanena kuti atate awo ndi kalaliki wa pa boma, pomwe anali osema mipini. Anthu anaseka iwo m'malo moseka ine. Mpaka lelo amanditchula Aphunzitsi, koma palibe ananditchulapo wabodza. Ukumva, Tiwonge? Mnzako wa msinkhu wako akakugwila bodza amalijambula n'kulitumiza kwina. Mkulu wabwino amavula lake kuti lako lisaoneke lokha. Kusukulu usakanene kuti kwanu ndi ku Lusaka. Tambala amalila tsiku lina.

Ndinatukwanapo munthu m'gulu, ndipo zanga zinaposa zako. Ndinalemba mathelo anga a sewelo, masamba atatu, momwe ndinkafunila kuti Estele amuyankhe Jelasi. Mnyamata wina wa ku Chipata anati zikumveka ngati chimangilizo cha giledi folo. Ndinamuyankha za mutu wake, za mano ake omwe sindinawaonepo, mpaka ndinakhudza amake. Madzulo ake foni inalila. Anali a Mtonga, koyamba kumva mawu awo. Sanayambe ndi ine. Anati, "Monile. Ndipatseni amama anu kaye." Anadzidziwitsa kwa agogo ako, anafunsa za mvula, kenako anapempha chilolezo cholankhula nane.

"Aphunzitsi, ng'ombe zamwa?"

"Sizinamwe."

"Ndiye mvelani. Mukakwiya lembani zonse, ngakhale za agogo ake a munthuyo. Koma musatumize. Ikani foni pansi, kamwetseni ng'ombe. Mukabwela muwelenge. Ngati zikukomabe, tumizani. Ine ndakalamba sindinaone zikukomabe."

Anandiuza kuti ndipepese ndi voisi. Tiwonge, ndinakwela pachulu kakhumi ndi kamodzi. Koyamba ndinamveka ngati ndikuwelenga chilengezo cha malilo. Kachiwili ndinayamba kudziteteza. Kachisanu ndinaseka. Ya khumi ndi chimodzi inali ya mawu ochepa kwambili, ndipo ndi yomwe inapita. Ndiye usaganize kuti sindidziwa kulemela kwake. Kulemba "pepani" n'kosavuta, chala sichichita manyazi. Mawu ndiwo amanjenjemela, ndipo n'chifukwa chake akuluakulu aja amafuna mawu.

Nkhaniyo sinathele pomwepo. Patapita sabata a Mtonga anabwelela ku masamba anga atatu aja. Anati, "Mnyamata uja analankhula mwamwano, koma sananame. Estele wanu akulankhula ngati buku. Kodi alamu anu akakwiya amati 'ndakhumudwa kwambili ndi khalidwe lanu'?" Ndinati ayi, amati "Chokani apa musanandione bwino." Anati, "Lembani zimenezo." Anandituma kukakhala pachigayo cha pamsika Loweluka lonse, osalankhula, kungomvela azimayi ali pamzele. Iwe unkati ndapenga. Koma nkhani ija ya mbuzi ya Jelasi yomwe unaseka mpaka kugwa pampando, ndinaitola kumeneko. Anzanga a msinkhu wanga akanangoika chala chokweza kapena tinkhope toseka. Mkulu uja anawelenga mzele ndi mzele, magalasi ake omanga ndi waya ali pamphuno. Usaiwale, mwana wanga: wokuombela m'manja umupeza paliponse, wokuwelengela mpaka pansi ndi wosowa.

Tsopano iyi usaseke. Si wamkulu aliyense wa pa foni amene ali kholo. Chaka chomwecho m'gulu munalowa munthu wodzitcha Dailekita. Anali waulemu, ankayamika aliyense. Anandilembela kumbali kuti nkhani zanga n'zapamwamba, kuti akufuna ana oti alowe m'sewelo, ndipite ku Chipata ndekha Loweluka, ndipo ndisauze munthu poti ena achita nsanje. Ndinachapa malaya anga oyela. Ndinabisa nsapato m'chigafa. Chinandipulumutsa si nzelu, ndi matama. Sindinathe kupilila, ndinauza a Mtonga kuti posachedwa azindimva pa wailesi. Anati, "Zabwino. Muuzeni anene zomwezo m'gulu, tonse timuthokoze." Ndinamuuza. Munthu uja anatuluka m'gulu ola lomwelo, ndipo nambala yake sinapezekenso. M'mawa mwake a Mtonga anapalasa njinga kuchoka ku Magodi kudzauza agogo ako maso ndi maso. Ukukumbuka tsiku lomwe kunabwela mdala wa chipewa cha mlaza, ine n'kukana kutuluka m'nyumba? Linali limenelo. Ndinawakwiyila masabata awili. Lamulo loti aliyense alowe ndi womusenza linayamba chifukwa cha ine. Ndiye ukamati lamulolo n'lopusa, dziwa kuti wopusayo ndi tate wako.

Apa ndibweleze, chifukwa ukupita kutali ndipo tsiku lina udzakhala ndi foni popanda ine pafupi. Mkulu weniweni amalankhula poyela. Amafuna amama ako amudziwe. Sakupempha zithunzi, sakuitanila kumbali, sakwiya ukauza ena zomwe wanena. Aliyense wokuuza kuti "usauze munthu," kauze munthu tsiku lomwelo, ngakhale akhale wa imvi mpaka m'makutu. Ukumva, Tiwonge?

Lamulo la Lachisanu nalonso ndinaliswapo, ndipo amene ndinamulakwila ndi adada ako. Iwe umaganiza kuti timadikila Lachisanu chifukwa okalamba amachedwa kumva. Ayi. Ku kampu ya adada ako wailesi sigwila. Akachoka kolondela nyama, Lachisanu amakwela kaphili komwe kali ndi netiweki, n'kutsitsa sewelo lomwe a Mtonga ajambula. Ndinawaonapo akujambula, tsiku lija tinawapelekela mbewu ya nshawa iwe utakwela pakaliyala, koma iwe unali kunja ukudya magwafa awo. Amatsekela nkhuku m'khola. Amauza akazi awo kuti atsokomoletu. Kenako amagwila foni pafupi ndi wailesi theka la ola, dzanja lili m'mwamba, likanjenjemela amalichilikiza ndi linzake. Amachita zimenezi Lachitatu lililonse chifukwa cha anthu asanu ndi mmodzi a ku kampu, ndi anesi awili omwe amakhala pa ntchito nthawi ya sewelo. Tsiku lina adada ako anaimba Lachinayi, ali pamwamba pa mtengo kusaka netiweki, kufunsa za thanzi la agogo ako. Ine ndi chimwemwe ndinati, "Akulu, ng'ombe ya Jelasi ija anaba ndi mlamu wake!" Kenako anati, "Yewo, mng'ono wanga. Ndiye mawa ndikwele phili kukamva chani?" Anaseka, koma ine sindinaseke. Pa Khilisimasi anandiuza kuti amakhala onse pansi pa mtengo, foni pakati, ndipo kwa theka la ola amaiwala kuti ali kutali ndi ana awo. Uthenga wako uja anyaPhiri anaufufuta msanga, ndiye dzulo adada ako amva okha Estele akuthawa. Makutu omwe a Mtonga ankateteza Lachitatu lija si awo. Usanene za Estele lisanafike Lachisanu, mwana wanga, ngakhale zikuyabwe bwanji pakamwa.

Cholakwa changa chomaliza n'chakuti ndinaganiza kuti akundithamangitsa pomwe ankandisunga. Mayeso a giledi naini atayandikila, anyaPhiri ananditulutsa m'gulu osandifunsa. Anati, "Aphunzitsi apita pa tchuthi. Jelasi salemba mayeso." Ndinalila kuseli kwa chigafa, ndinalumbila kuti sindidzabwelela. Tsiku lomwe ndinamaliza pepala lomaliza, ndinapeza pa foni zithunzi za masamba a kope. Mayi uja ankalemba ndi dzanja Lachitatu lililonse zomwe zachitika m'sewelo, ndi ndemanga zake m'mbali, monga "apa Estele wapusa" ndi "Wezi akanakwiya apa." A Mtonga anali atasunga zojambula zonse pa kamemole ka m'foni. Amachitila zimenezi mwana aliyense wa m'gulu amene ali ku boding'i kapena pa mayeso. Ndipo ndikuuze zomwe sunadziwe. Lolemba lapitali, usanawanyoze, a Mtonga anandifunsa kuti, "Mwana wanu apita liti? Ndapeza kamemole kena, ndalemba kale dzina lake pa kamvulopu." Sindikudziwa ngati kamvulopuko akadakasunga.

Zina zonse amama ako akuuza kale, koma tate ayenela kunenako. Kiyi wa tilanki umange m'khosi. Chiponde usatsegule sabata yoyamba, anzako a chiponde amatha ndi botolo. Usabweleke zinthu za eni osapempha, makamaka njinga. Ukafika, yang'ana mtsikana wa kalasi yapamwamba amene ana aang'ono samuthawa, amene amakuuza poyela kuti siketi yako yapindika osakuseka. Ameneyo ndiye anyaPhiri ako a kumeneko. Ukhale naye pafupi, ndipo akakudzudzula, kamwetse ng'ombe kaye. Kulibe ng'ombe, ndikudziwa. Katunge madzi.

Ndikanatha kutenga foni yako n'kutsanzila mawu ako, poti ndimatha. Ndinaganizapo Lachinayi. Koma a Mtonga angazindikile, ndipo tambala angalile. Ndiye ndasiya m'manja mwako. Ukapanda kupepesa sindikuda. Ndidzakhala ndi ng'ombe mpaka Epulo, ndizizifotokozela za Jelasi. Bulaki amamvetsela bwino kuposa iwe.

Ndaima apa, dzuwa lapendeka ndipo ng'ombe zikundidikila kudambo.

Ndabwela, ndipo zomwe ndapeza ziyenela kulowa m'kalata muno, kuti tsiku lina usadzakane.

Ndikutsekela khola ndinamva matcheni awili. Kutsogolo unali iwe, matope mpaka m'mawondo. Kumbuyo chipewa cha mlaza. Kutsanzika anzako kuja kunali kupalasa njinga maola awili kupita ku Magodi, pa msewu wotelela, wekha.

A Mtonga anatsika pang'onopang'ono, anapatsa moni agogo ako, kenako anatembenukila kwa ine. "Aphunzitsi, monile. Mwana wanu ndakubwezelani. Wafika kwanga tcheni chili m'manja, wagwada pakhonde, akazi anga mpaka anaganiza kuti kwagwa malilo."

Amama ako anagwila pakamwa. "Iwe Tiwonge! Ku Magodi? Bwanji osangotumiza pa foni?"

Unayankha ukuyang'ana pansi. "Ndinayesa dzulo kasanu. Mawu anga pa foni amamveka ngati mbuzi."

"Ine ndakhululuka," anatelo a Mtonga, "ndipo makutu anga okalambawa amva bwino lomwe. Koma anyaPhiri ali ku Kitwe, sanaone mawondo. Aja safuna nkhani, afuna voisi. Mbuzi kapena ayi, tiyeni pachulu."

Tinakwela atatu. Unajambula kamodzi kokha, mawu akunjenjemela, ndipo kumbuyo Bulaki analiza belu. Sunafufute, unatumiza kwa anyaPhiri. Tinadikila, a Mtonga akupukuta magalasi. Foni yako inalila, kenako yanga. AnyaPhiri analemba kuti, "Aphunzitsi ndi mwana wawo alowe. Ng'ombe ija tayimva, ipatseni moni." Potsika a Mtonga anatulutsa kamvulopu m'thumba la malaya, anakuonetsa dzina lako, n'kukabwezanso. Anati, "Aka n'ka Epulo." Ndipo iwe unandiyang'ana koyamba m'masiku atatu n'kunena kuti, "Adada Wezi, njinga yanu ilibe mabuleki."

Ndiye malangizo onsewa wawachita usanawawelenge, ndipo wandiposa, poti ine ndinafunika kukwela kakhumi ndi kamodzi. Kalatayi ndiika m'tilanki mwako ndithu, pansi pa bulangete. Mapepala a jogalafe ndang'amba kale, ndipo amama ako ayenela kuona kuti tate wagwila ntchito.

Agogo ako abwela kuchoka ku msonkhano wa azimayi. Amama ako abwela kuchigayo ndi ufa. Ng'ombe zabwela zonse zisanu. Njinga yanga yabwela, tcheni atalumikiza a Mtonga, ndipo iwo agona kuno, abwelela kwawo mawa tikakupelekeza ku basi. Iwe wabwela. Atsala adada ako okha, omwe abwela pa Isitala, sabata yomwe iwenso udzatsekele sukulu.

Ndine tate wako wamng'ono,
Wezi